Wuxia, xianxia kapena nkhani za kwa mfumu: musankhe masewero ati a ku China?

Amene tinakulira pafupi ndi msika tikukakumbukira kanyumba ka vidiyo shoo: mabenchi a matabwa, chiguduli chotchinga pakhomo, sipika ili panja zibakera zikumveka mpaka kuchigayo. Filimu ya karate inkatha ola limodzi ndi theka, mnyamata wabwezera imfa ya mphunzitsi wake, ife n'kutuluka tikuponya mateche m'malere. Zimene zikuchokera ku China masiku ano n'zina. Ndi masewero a pa TV a magawo 40, 50, ena kupitirira 60, gawo lililonse mphindi pafupifupi 45. Sewero la magawo 50 limadya maola oposa 37. Amenewo ndi madzulo a mwezi wathunthu, choncho ndi bwino kusankha musanayambe.

Ndalembera munthu amene akufuna kusangalala, koma akufunanso kutolapo kanthu za mmene anthu a ku China amaonera banja, ulamuliro, chipembedzo ndi mitundu ina. Maganizo anga ndinene pachiyambi pomwe. Mtundu uliwonse wa masewerowa umaonetsa China wake ndipo uli ndi anthu amene umawabisa. Masewero osavuta kupeza, okongola m'maso, ndi omwenso amaonetsa anthu wamba mochepa kwambiri.

ZOYEZERA

Ndifotokoza njira zinayi, ndipo iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, kutanthauza ndalama za bandulo, zolipira pa app kapena dikoda. Chachiwiri ndi kapezekedwe: kodi mulipeza lonse, ndipo lili ndi mawu a m'munsi amene mungawerenge? Chachitatu ndi khama limene sewerolo limafuna kuti musalisiyire panjira. Chachinayi ndi zoyenera kusamala, makamaka chithunzi cholakwika chimene mungatuluke nacho. Pamwamba pa zonsezi pali funso limene ndimafunsa sewero lililonse: mlimi ali kuti? China wakale anali dziko la alimi. Ngati mwaonera maola 40 osaonako munthu wogwira khasu, dziwani kuti mwaona kachigawo chabe.

Pali mawu atatu amene muzikumana nawo. Wuxia ndi nkhani za ngwazi yodziwa kumenya nkhondo imene imaimira chilungamo pamene boma lalephera. Anthu otere analipo m'zolemba kuyambira kale: Sima Qian, wolemba mbiri wa zaka 2,000 zapitazo, anawapatsa mutu wawo m'buku lake, pamene Han Fei, wanzeru wina wakale, ankawadzudzula kuti amaphwanya malamulo podalira lupanga. Jianghu, kutanthauza "mitsinje ndi nyanja", ndi dziko la anthu amenewa, la m'misewu, m'nyumba za alendo ndi m'mapiri, kutali ndi maso a mfumu. Shifu ndi mphunzitsi, koma mawuwo akalembedwa amaphatikiza "mphunzitsi" ndi "bambo". Anthu a ku China ali ndi mwambi woti amene wakuphunzitsa tsiku limodzi ndi bambo wako moyo wonse. Mukamvetsa zimenezo, theka la mikangano ya m'masewerowa mwaimvetsa.

NJIRA YOYAMBA: WUXIA WAKALE WA KU HONG KONG

Awa ndi masewero a m'ma 1980 ndi m'ma 1990 a kampani ya TVB, ambiri otengedwa m'mabuku a Jin Yong, amene dzina lake lina ndi Louis Cha. Anabadwa mu 1924, anamwalira mu 2018, ndipo nkhani zake ankazilemba pang'onopang'ono m'nyuzipepala kuyambira 1955 mpaka 1972. Mtunduwu unakulira ku Hong Kong ndi ku Taiwan chifukwa ku China kwenikweniko boma limene linalowa mu 1949 silinkalola mabuku otere. Anabwereranso m'ma 1980, ndipo The Legend of the Condor Heroes ya 1983, ya magawo 59, inatchuka kwambiri itafika kumeneko.

Pa mitundu yonse inayi, uwu ndi umene uli ndi anthu ambiri osiyanasiyana. Muli amonke achibuda a ku Shaolin, ansembe achitao, asodzi, ogulitsa mowa, asilikali ndi akuluakulu a boma okonda ziphuphu. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi Gulu la Opemphapempha, limene m'nkhanizi ndi lalikulu kuposa magulu onse. Udindo wa munthu umadziwika ndi chiwerengero cha matumba amene wanyamula, mpaka 9. Mtsogoleri watsopano akamalongedwa, mamembala amamulavulira, kuti asaiwale chimene wopempha amakumana nacho tsiku ndi tsiku. M'gulumo muli mkangano pakati pa "a zovala zalitsiro" amene amapemphadi, ndi "a zovala zoyera" amene ali ndi chuma koma analowa gululo. Wolemba amene amaganiza mpaka pamenepo ndiye kuti umphawi anauyang'ana pafupi. Ndipo mtsikana, Huang Rong, amadzakhala mtsogoleri wa gulu limeneli chifukwa cha nzeru zake.

Nkhani ya mitundu nayo amaigwira molimba mtima. Mu The Legend of the Condor Heroes, Guo Jing ndi mwana wa mtundu wa Han, mtundu waukulu wa ku China, amene anakulira ku Mongolia m'manja mwa Genghis Khan, ndipo tsiku limafika loti asankhe pakati pa amene anamulera ndi dziko la makolo ake. Mu Demi-Gods and Semi-Devils, Qiao Feng ndi ngwazi imene aliyense akuitamanda, mpaka pamene zadziwika kuti anabadwa wa mtundu wa Khitan, adani a ufumu wa Song. Tsiku lomwelo anthu amene ankadya naye mbale imodzi amamusandukira. Aliyense amene anafunsidwapo kuti "kwanu n'kuti kwenikweni?" ataperekera kale thukuta lake pamalo, nkhaniyi imufika pamtima.

Mtengo. Bandulo basi, ngati mwapeza pa YouTube. Zithunzi zake n'zakale, ndiye palibe chimene mutaye mukatsitsa ubwino wa chithunzi kuti musunge data.

Kapezekedwe. Apa ndi pamene pali vuto. TVB imaika masewero ake ena akale pa intaneti, koma nthawi zambiri mawu a m'munsi amakhala a Chitchaina. Amene ali ndi Chingerezi amapezeka mwa apo ndi apo, ena omasuliridwa ndi anthu ongodzipereka. Ine ndinakopetsapo limodzi pa fulashi kwa anyamata oika mafilimu, ndipo nditafika pakati ndinapeza magawo anayi kulibe, lotsatira lili m'chinenero china. Mukamakopetsa, tsegulani gawo loyamba, lapakati ndi lomaliza musanachoke pamalopo. Njira yopepukirapo ndi kuonera nkhani zomwezi zimene zinajambulidwanso ku China. Wopanga masewero Zhang Jizhong anatulutsa sewero lake loyamba lotere mu 2001, Jin Yong atapatsa CCTV, TV ya boma la China, chilolezo cha buku limodzi pa mtengo wa yuan imodzi yokha. Demi-Gods and Semi-Devils ya 2003 ndi Condor Heroes ya 2017 zili ndi mapiri enieni ndi zigwa zenizeni m'malo mwa miyala ya mapepala ya mu situdiyo.

Khama. Lalikulu ndithu. Mayina ndi ambiri, magulu ndi ambiri, ndipo pamafunika kudziwako pang'ono mbiri: mu Condor Heroes ufumu wa Song uli kumwera, ufumu wa Jin kumpoto, a Mongol akubwera kumbuyo kwawo. Kapepala kolembapo mayina kamathandiza m'magawo khumi oyamba.

Zoyenera kusamala. China imazindikira mitundu 56, ndipo a Han ndi oposa 90 pa anthu 100 alionse. Nkhanizi zinalembedwa ndi maso a Han. Munthu wa mtundu wa Miao akaoneka, kawirikawiri amakhala wodziwa ziphe ndi tizilombo tolodzera. Mmonke wochokera ku Tibet kapena kumadera a kumadzulo amabwera ngati mdani wamphamvu wofuna kuba luso la Shaolin. Ife tikudziwa mmene zimawawira mtundu wako ukamangotchulidwa pa nkhani za ufiti, choncho tisamezenso zimenezi za anzathu. Chachiwiri, akazi a m'nkhanizi amayenda okha, amamenya nkhondo, amasankha amuna. Mkazi weniweni wa m'nthawi ya Song sankakhala choncho, ndipo inali nthawi imene mwambo womanga mapazi a atsikana unkafalikira. M'masewerowa simudzauona.

NJIRA YACHIWIRI: XIANXIA

Xian ndi munthu amene wafika posafa. Apa ngwazi sizingodumpha madenga, zimauluka zitaima pa lupanga, zimakhala zaka zikwizikwi, zimafa n'kubadwanso. Maziko ake ndi chiphunzitso cha Chitao chokulitsa mphamvu ya m'thupi yotchedwa qi, kuphatikiza chikhulupiriro cha Chibuda cha kubadwanso ndi nthano zakale za nkhandwe za michira 9. Pa TV mtunduwu unayamba kutchuka ndi Chinese Paladin ya 2005, imene inachokera ku gemu ya pakompyuta ya ku Taiwan. Unadzafika pachimake ndi Eternal Love ya 2017, ya magawo 58, The Untamed ya 2019, ya magawo 50, ndi Love Between Fairy and Devil ya 2022, ya magawo 36. Ambiri amachokera m'mabuku olembedwa pa intaneti, ndipo olemba ndi owerenga ambiri ndi akazi achitsikana.

Mlimi ali kuti? Nthawi zambiri kulibe. Milungu imalankhula kwambiri za "kupulumutsa zamoyo zonse", koma zamoyozo sitiziona nkhope. Mu Eternal Love mkazi wotsogolera nkhaniyo ali ndi zaka 140,000 ndipo ndi mwana wa mfumu. Mwamuna wake ndi mdzukulu wa mfumu ya kumwamba. Dziko la anthu ndi malo amene milungu imatumizidwako kukalangidwa kapena kukayesedwa, kenako n'kubwerera kwawo. Mphamvu zimayendera magazi. Wuxia wakale ankauza mwana wamasiye kuti akalimbikira adzakhala ngwazi. Xianxia wambiri amamuuza kuti ngati ndi ngwazi, ndiye kuti anali mulungu m'moyo wapitawo.

The Untamed ndiyosiyanako, ndipo ndiimirapo pang'ono. Muli mabanja akuluakulu asanu. Banja la Lan lili ndi malamulo oposa 3,000 ozokotedwa pathanthwe. Nkhondo itatha, opambana amasonkhanitsa otsala a banja logonjalo, nkhalamba, ofooka ndi kamwana, n'kumawagwiritsa ntchito ya kalavula gaga chifukwa cha dzina lawo lokha. Munthu amene amawaimirira ndi mwana wa wantchito, ndipo amapita nawo kuphiri la manda kumene amayamba kulima kuti adye. Winanso, mwana wobadwa kwa mayi woyendayenda, amakankhidwa pamasitepe atapita kukaonekera kwa bambo ake olemera. Apa nkhani ya kusankhana chifukwa cha kubadwa ili poyera.

Muli kanthu kena kamene wolankhula Chichewa amakamva bwino kuposa wa Chingerezi. Mnyamata wina, Jin Ling, ndi wamasiye. Mmodzi mwa omulera amamutcha jiujiu, wina xiao shushu. Mawu a m'munsi a Chingerezi amangowatcha onse awiri ndi liwu limodzi. Koma jiujiu ndi amalume, mlongo wa mayi, ndipo shushu ndi bambo aang'ono. Tsiku lina ndikuonera ndi mwana wa mchemwali wanga ndinaimitsa foni n'kumuuza kuti, "Awa okalipawa ndi amalume ake, awo omwetulirawo ndi bambo ake aang'ono." Anangoti, "Oo, ndiye chifukwa chake akumukalipira ngati wawo." Anamvetsa nthawi yomweyo. Kusiyana kwake n'koti kwa iwo mwana ndi wa kuchimuna. Ngakhale amalume amukonde chotani, Jin Ling ndi wa banja la Jin ndipo adzalowa ufumu wa kumeneko, zosiyana ndi mbumba ya Achewa. Chimodzimodzinso mawu a ophunzira a mphunzitsi mmodzi: shixiong ndi mkulu, shidi ndi mng'ono. Ndiponso munthu amakhala ndi dzina la kubadwa ndi dzina laulemu, ndipo kutchula wina dzina la kubadwa ndi chizindikiro cha chibale chapafupi kapena cha chipongwe.

Mtengo. Uwu ndi mtundu wodya ndalama. Kukongola kwake kuli m'zovala ndi m'mitundu ya kuwala, ndiye mtima umafuna chithunzi chapamwamba, chimene chimamaliza bandulo msanga. Ma app monga WeTV, iQIYI ndi Youku amakupatsani magawo oyamba ulere, otsala n'kuwatsekera olipira pamwezi, ndipo kulipirako kumafuna khadi ya kubanki yogwira pa intaneti. Ngakhale ku China komweko, kampani ya Tencent, eni ake a WeTV, inalipiritsa ndalama yapadera anthu ofuna kuona magawo omaliza a The Untamed msanga.

Kapezekedwe. Palibe wopikisana nawo. Ali pa Netflix, ali pa matchanelo a makampani eni ake pa YouTube, ali ndi mawu a m'munsi abwino. Dziwani chabe kuti zimene Netflix imaonetsa zimasiyana malinga ndi dziko, ndiye chimene m'bale wanu akuona ku Johannesburg kapena ku Leeds mwina inu simuchipeza.

Khama. Lochepa pa mbiri, chifukwa palibe ufumu weniweni woti muuloweze. Chotopetsa ndi kutalika. Magawo apakati amazungulira pa kusamvana kumene mawu awiri akanakuthetsa. Mu 2020 bungwe la boma loyang'anira za TV linalimbikitsa kuti masewero asamapitirire magawo 40, ndipo amene anatuluka m'zaka zotsatira ndi ofupikirapo.

Zoyenera kusamala. Musaphunzire Chitao kapena Chibuda kuchokera apa. Zili ngati kuphunzira za Gule Wamkulu pa chithunzi cha pa kalendala. Zovala ndi zosakaniza nthawi zosiyanasiyana, ndipo zambiri zimajambulidwa ku Hengdian, m'chigawo cha Zhejiang, kumene nyumba zachifumu zinamangidwira mafilimu. Nkhope zonse ndi zoyera mbee, zosalazidwa ndi kompyuta, matupi owonda, ndipo woipa nthawi zambiri ndiye amavala zakuda. Mwana wathu wamkazi akamaonera izi maola ambiri, mpofunika kucheza naye za khungu lake. Dziwaninso kuti boma limalowererapo. Buku limene The Untamed inachokera ndi la chikondi cha amuna awiri. Pa TV anachisandutsa ubwenzi wa pamtima kuti lidutse, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2021 masewero ochokera m'mabuku otere pafupifupi onse anasiya kuulutsidwa. Pomaliza, muli mizimu, ziwanda ndi mitembo yoyenda. Mabanja ena opemphera sangamasuke nazo, ndipo ana aang'ono zingawalotetse.

NJIRA YACHITATU: NKHANI ZA KWA MFUMU ZOKHALA NDI JIANGHU

Chitsanzo chachikulu ndi Nirvana in Fire ya 2015, ya magawo 54. Asilikali 70,000 anaphedwa atanamiziridwa kuti akuukira mfumu. Patapita zaka 12, mmodzi wopulumuka amabwerera kulikulu ali wodwala, nkhope itasintha, akutsogolera gulu la ku jianghu, kuti achotse chitonzo pa mayina a akufawo. Zamatsenga ndi zochepa. Malupanga alipo, koma nkhondo yeniyeni imachitikira pamphasa, pomwa tiyi.

Ngati mukufuna kuona ulemu wa chiphunzitso cha Confucius, mphunzitsi wakale wa ku China, ukugwira ntchito, ndi pano. Yang'anani amene wayamba kugwada, amene wakhala pansi mnzake ataima, mmene manja amalumikizidwira popereka moni, mmene mwana amalankhulira kwa bambo amene ndi mfumu yake. Agogo a mfumu atamwalira dziko lonse limalowa m'nyengo ya maliro, maukwati n'kuima. Zovala zoyera ndi za maliro, zofiira ndi za ukwati. Ndipo chimene chikuyendetsa nkhani yonse ndi chinthu chimene ife sitivutika kumvetsa: akufa amene sanaliridwe mwamwambo, amene mayina awo saloledwa kutchulidwa, sanagone.

Anthu wamba amaoneka, koma ngati milandu yofika pabwalo: alimi olandidwa minda ndi abale a nduna, anthu a m'tauni ophedwa pa kuphulika kwa fakitale ya wonga yosaloledwa, ovutika ndi njala amene thandizo lawo ana a mfumu akulimbirana. Sapatsidwa pakamwa, koma mavuto awo ndi enieni.

Mtengo. Wapakati. Ndi sewero la zokambirana, ndiye chithunzi chotsika sichiwononga kanthu malinga mawu a m'munsi akuwerengeka.

Kapezekedwe. Limapezeka pa intaneti ndi mawu a Chingerezi, ngakhale silikhala patsogolo pa ma app ngati xianxia. Muyenera kulisaka ndi dzina.

Khama. Lalikulu kuposa onse. Simungaonere uku mukuphika. Magawo asanu oyamba amakuthirani mayina a nduna, akazi a mfumu ndi ana awo nthawi imodzi. Pa foni yaing'ono kuwerenga maola 40 kumatopetsa maso.

Zoyenera kusamala. Ufumu wa Liang wa m'seweroli ndi wopeka, ngakhale dzinalo linakhalapo m'mbiri. Chachikulu n'chakuti nkhani zotere zimathera pa mfundo imodzi: chotsani nduna zoipa, ikani mwana wa mfumu wolungama, zonse zikhala bwino. Mpando weniweniwo safunsidwa mafunso. Wuxia wakale ankalola ngwazi kukana boma n'kupita kumapiri. Pano ngwazi ya ku jianghu imathera potumikira mpando.

NJIRA YACHINAYI: JOURNEY TO THE WEST YA 1986

Ili ndi sewero limodzi, koma ndi njira payokha. Linapangidwa ndi CCTV, wotsogolera anali mayi Yang Jie, ndipo magawo 25 oyambawo anajambulidwa ndi kamera imodzi kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Likuchokera m'buku la m'zaka za m'ma 1500, limene linamangidwa pa ulendo weniweni wa mmonke Xuanzang, amene anapita ku India kukatenga malemba achibuda n'kubwerera mu 645. M'nthanoyi akuperekezedwa ndi nyani wamphamvu Sun Wukong, nkhumba yadyera Zhu Bajie ndi Sha Wujing wonyamula katundu. Ku China limabwerezedwa pa TV pafupifupi tchuthi chilichonse, ndipo n'kovuta kupeza munthu wa kumeneko amene sakulidziwa.

Ana amaseka nyani, akulu amaona zina. Kumwamba kwa m'nkhaniyi ndi boma lokhala ndi maofesi ndi maudindo. Nyani atavuta, amamupatsa ntchito yoyang'anira mahatchi kuti akhale chete, ndipo amakwiya atazindikira kuti ndi udindo wotsikitsitsa. Ziwanda zambiri zovutitsa anthu panjira zimapezeka kuti ndi ziweto kapena antchito a akuluakulu a kumwamba. Nyani akati achiphe, mwini wake amatulukira n'kuchitenga. Chimene chilibe wochidziwa kumwamba ndi chimene chimafa. Atafika kumapeto kwa ulendo, osunga malemba amapempha kangachepe, ndipo atakanizidwa amapereka mabuku opanda chilembo. Wolemba wa zaka 400 zapitazo ankawadziwa bwino maofesi a m'nthawi yake.

Mtengo. Wotsika kuposa onse: magawo ndi ochepa, chithunzi n'chakale.

Kapezekedwe. Lili pa YouTube ndi mawu a Chingerezi. Samalani kuti musasokoneze ndi ena ambiri a dzina lomwelo. Loyenera ndi limene nyani wake ndi Liu Xiao Ling Tong.

Khama. Lochepa. Gawo lililonse ndi nkhani payokha, ndiye magetsi akathima sabata yonse simutaya ulusi.

Zoyenera kusamala. Nkhaniyi imakondera Chibuda, ndipo ansembe achitao kangapo amaonetsedwa ngati onyenga kapena nyama zodzisandutsa anthu. Akazi ambiri ndi ziwanda zokongola zofuna kudya kapena kukwatiwa ndi mmonkeyo. Zamatsenga zake zojambula n'zachikale, ndipo wachinyamata wozolowera za masiku ano angaseke m'malo mochita mantha.

ZA DIKODA NDI ZA OMASULIRA

Amene muli ndi dikoda ya StarTimes, kapena TopStar ku Zambia, muli ndi tchanelo cha kung fu chimene chimaonetsa masewero a mitundu imeneyi, ambiri olankhulidwa m'Chingerezi. Ubwino wake simudya data ndipo banja lonse limaonera limodzi. Kuipa kwake simusankha nokha, gawo likakudutsani lapita, ndipo mawu aulemu aja amatayika. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'matauni athu amafikira agogo ndi ana amene sawerenga Chingerezi, ndipo ndi ntchito ya luso. Koma womasulira amawonjezera nthabwala zake, amasintha mayina, nthawi zina nkhani yomwe. Ndi abwino posangalala pagulu. Pofuna kudziwa chikhalidwe, bwererani ku mawu a eni ake.

NJIRA ITI KWA NDANI

Ngati muli ndi ana m'nyumba ndipo bandulo ndi yowerengera, yambani ndi Journey to the West. Mukhoza kuonera gawo limodzi Loweruka lililonse, ndipo mukakumana ndi munthu wa ku China kuntchito kapena kusitolo mudzakhala ndi chocheza naye chimene iyenso anakulira.

Ngati ndinu wophunzira Chitchaina, kapena mukukonzekera kupita kusukulu ku China, tengani Nirvana in Fire chifukwa cha mawu aulemu ndi kakhalidwe pamaso pa akulu, koma musakalankhule choncho pamsika, ndi chilankhulo chachikale. Masewero a TVB sakuthandizani pa izi pokhapokha mutapeza olankhulidwa m'Chimandarini, Chitchaina cha kusukulu, chifukwa eni ake amalankhula Chikantoni, chilankhulo cha ku Hong Kong.

Ngati chimene chikukukhudzani ndi nkhani ya mitundu, umphawi ndi funso loti munthu ndi wa kuti, pitani kwa Jin Yong. Wopirira asake za TVB. Wofuna chithunzi chabwino ndi mawu a m'munsi odalirika atenge Demi-Gods and Semi-Devils ya 2003 kapena Condor Heroes ya 2017.

Ngati mwatopa ndi ntchito ndipo mukungofuna chikondi, nyimbo ndi zovala zokongola, xianxia ndi yanu, ndipo yambani ndi ya magawo 36 musanadzimangirire ku ya 58. Amene muli kunja ndi Wi-Fi yosawerengera, mtengo sukuvutani. Amene muli pa bandulo, tsitsani magawo usiku ngati netiweki yanu ili ndi mabandulo a usiku otsika mtengo. Ndipo ngati mukufuna xianxia imodzi yokha yoti mukambirane ndi achinyamata a msinkhu wa sekondale za kusankhana ndi mphekesera, tengani The Untamed, koma muyambe mwaonera nokha magawo angapo musanawaitane.